Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Lachiwiri, 12 Ogasiti

A Orrin amwalira dzulo, 5 koloko madzulo itangodutsa, kuchipatala cha m'tauni. Zaka 91. Ine mkazi wawo pambali pa bedi. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi zokhazo zimene ndauza anthu.

Foni kulira osaleka. Pa TV nkhope yawo chiyambire m'mawa, akuti mmodzi mwa anthu ochepa amene anapondapo pamwezi. Chithunzi chakale chija, tsitsi lometa lalifupi, mano onse alipo. Nkhalamba imene ndakhala ndikuimeta ndevu zaka zinayi sakuionetsa.

Paulette, mwana wawo wa kwa mkazi woyamba, wafika masana kuchokera ku Denver. Zaka 62, koma walowa n'kuyamba kununkhiza malaya a bambo ake pa chitseko. Wandikumbatira. Zaka 31 ndili m'banja lino, aka n'kachiwiri kundikumbatira. Uthenga wa atolankhani walemba yekha: anamwalira mwamtendere, mtima unafooka atapita kokawongola miyendo. Wandifunsa kuti anakhala panja nthawi yaitali bwanji. Ndati mphindi makumi awiri, mwina makumi atatu.

Anakhala maola atatu osakwana pang'ono. Kachipangizo koyezera kutentha ka pakhonde kankati 104, dzuwa lootcha koopsa.

Khadi limene linali pamkono pawo lili m'chikwama changa, m'kathumba ka zipi. Namwino anandipatsa pamodzi ndi wotchi ndi mphete. Sanaliwerenge, kapena anawerenga osaona kanthu. Mizere isanu ndi umodzi, yonse yochonga ndi pensulo. Imayenera kukhala isanu ndi iwiri, ndipo wotayipa ndinali ine.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Tulo ayi. Ndilembe mwadongosolo, ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa.

Ndinayamba kutayipa ku Houston, kumalo otsogolera maulendo a kumwezi, ndili ndi zaka 22. Mindandanda ya zochita: batani ili, kenako ili, kenako dikira. Timabuku tomangirira pamkono wa chovala cha opita kumwezi, kuti munthu ali pamwezi asamaganize zambiri, azingowerenga n'kumachita. Atsikana tinalipo asanu ndi atatu. Tsamba lililonse anthu awiri, wina kuwerenga mokweza, wina kutsatira ndi chala. Zaka zisanu ndi chimodzi osadumphapo mzere. Abwana ankanditcha Lorene Wosaphonya, ndipo dzinalo ndinkayenda nalo mapewa m'mwamba.

Matenda oiwala atawagwira a Orrin, madokotala anayesa mapiritsi, nyimbo, zithunzi. Osathandiza. Tsiku lina ndinawapeza ali chiimire m'bafa, mswachi m'manja, akulira chifukwa sakudziwa chotsatira. Ndinatsitsa makina anga otayipira pamwamba pa kabati. Khadi, lamba wa mphira, kapensulo pachingwe. Nditawamangirira pamkono anawongola msana. "Ndamva, Houston." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa m'nyumba muno linali Houston. La Lorene analiiwala chaka chatha.

Khadi la kusamba, khadi la kudya, khadi la nyuzipepala. Tsiku lililonse latsopano, chifukwa akaona lochonga kale ankati ntchito inatha. Ndiye lamulo lawo lija, limene ankaphunzitsa anyamata obwera pambuyo pawo: mndandanda ukatha, a ku Houston ali chete, usapeke zako. Ima pamene ulipo, dikira mawu.

Lolemba ndinachedwa, chifukwa cha mkaka wowira n'kutayikira pa chitofu. Ndinali nditangomaliza mzere wachisanu ndi chimodzi foni italira. Paulette. Nkhani yake yomweyo ya nyumba yosamalira okalamba ku Denver, ati malo apezeka. A Orrin ali pambali panga, mkono atatambasula. Ndinasolola khadi pamakina, foni nditaipana paphewa, n'kuwamangirira. Sindinaliwerenge. Ndinali kalikiliki kuuza mwana wawo kuti makhadi anga sanalepherepo ndi tsiku limodzi lomwe.

1. Nsapato, kumanga.
2. Chipewa, kuvala.
3. Madzi, kapu imodzi.
4. Chitseko, kutseka.
5. Kuyenda mpaka pabokosi la makalata.
6. Nyuzipepala, kutenga.

Wachisanu ndi chiwiri umati: kubwerera kunyumba, kuuza Houston. Palibe.

Tinakangana pafupifupi ola lathunthu. Kenako mutu waching'alang'ala, mapiritsi awiri, ndinadziponya pasofa. TV ikulankhula kuchipinda kwawo, ine n'kumati abwerera. Amene anaisiya osazimitsa ndine ndemwe. Bokosi lili kumsewu, kuseri kwa mikungudza, pawindo silioneka. Mthunzi palibe, pokhala palibe.

Paulette sakudziwa. Akadziwa, sindikudziwa kuti ndimuyang'ana bwanji.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Amayi a kutchalitchi ndi mbale zawo. Nkhuku ya makaloni mbale zisanu, ngati anachita kupangana. Firiji yakana kutseka. Mayi wina wandigwira masaya awiri onse, akuti ndinali mngelo wa bambowa. Ndikanamuluma chala.

Maliro Lachisanu sabata yamawa, kudikira akuluakulu ochokera kutali. Kudzakhala ndege zankhondo, mbendera, asilikali oomba mfuti m'mwamba. Suti yawo yabuluu yakula, munthu anatha thupi. Diresi langa lakuda zipi inafa chaka chija cha maliro a mchemwali wanga.

Pa TV abwereza kanayi kafilimu kaja. Ali pamwezi, wailesi inaduka mphindi khumi ndi imodzi, iwo ali chilili pambali pa mwala, manja m'mbali, osasuntha mpaka mawu atabwerera. Mnyamata wowerenga nkhani, mano oyera ngati mbale, akuti taonani kudzigwira kwake, munthu wina akanathamanga. Paulette misozi chuchuchu, akuti, "Bambo anga ndi amenewo." Ine ndinapita kubafa kukasanza, n'kutsegula mpopi kuti asamve.

Madzulo wapeza makatoni a nsapato m'kabati. Makhadi onse a zaka zinayi, ndinkasunga mwa miyezi, sindikudziwa chifukwa chake. Wakhala pansi pakapeti kuwerenga limodzilimodzi. Anati samadziwa kuti inali ntchito yotere, ankayesa ndi timapepala tongomata pafiriji. Kenako waimbira bambo wina wa ku myuziyamu ya za mlengalenga. Akuti abwera Lachitatu kudzawaona.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ofelia, mayi amene amatibweretsera makalata, walowa ndi galimoto mpaka pakhomo, zimene sachita. Ndi amene anawapeza. Mwamwayi Paulette anali kutauni kokasankha maluwa.

Ndinamupatsa tiyi wozizira, sanamwe. Kapu akungoizunguza patebulo. Anati anawaona ali patali, ataima njoo pambali pa bokosi, nyuzipepala m'khwapa, nkhope yofiira ngati nyama. Thukuta linali litasiya kale kutuluka. Anawapempha kuti alowe m'galimoto muli mphepo yozizira, iwo anakana mwaulemu, ati akudikira mawu ochokera ku Houston. Ofelia amadziwa za masewero athuwa, ndiye anayesa. Anati Houston ndi ineyo bwana, tiyeni kunyumba.

"Anandiyang'ana bwinobwino, Mayi Tackett, n'kunena kuti, pepani mayi, mawu anu si amenewo."

Kenako a Orrin anagwa. M'pamene anaimba ambulansi, n'kuimbira ine. Foni inalira kasanu ndi kawiri ndisanadzuke, akuti anawerenga.

Mawu anga. Ankadikira mawu anga, ine ndili lipu pasofa, pakamwa yasa.

Sizinathere pomwepo. Mlamu wake amayendetsa lole ya chakudya cha mbuzi. Anadutsa cha m'ma 10 koloko, anawaona pomwepo, analiza hutala, a Orrin anamuchitira sawacha. Pobwerera 11 koloko itadutsa, akadali pomwepo. Ankayesa akudikira munthu wodzawatenga. Ndiye kuti anthu awiri akudziwa kuti si mphindi makumi awiri, ndipo pofika mawa akazi awo, amuna awo, tchalitchi chawo chonse.

Ofelia anati iye sanena kanthu kwa aliyense, koma mwana wawo akamufunsa maso ndi maso sangathe kunama. Ndinati palibe wakupempha kuti uname. Mawu anatuluka okalipa. Mayi amene anawapachikira juzi lake pamutu kuti likhale mthunzi, ine n'kumukalipira pakhonde panga.

Paulette wabwera ndi maluwa oyera. Akufuna adiresi ya Ofelia kuti akamuthokoze.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi. Abusa Kimbrough alalikira za mtumiki wokhulupirika. Mpando wa a Orrin kumapeto kwa benchi, anthu ausiya dala wopanda munthu, wina waikapo kambendera. Nyimbo sindinaimbe.

Potuluka ndinatsala pang'ono kuwauza abusa. Ndinawagwira mkono wa jekete. Iwo n'kuyamba kundifunsa ngati malo oimika magalimoto adzakwane Lachisanu, kapena apemphe bwalo la sukulu. Ndinati apemphe la sukulu.

Pachakudya chamasana Paulette wafunsa khadi lomaliza. M'makatoni lomaliza ndi la Lamulungu lapitalo, waona yekha, ali ndi diso la bambo ake. Akufuna la Lolemba. Ndati mwina linatayika mu ambulansi. Akuti aimbira kuchipatala mawa, zinthu za odwala amazilemba m'buku. Ndiye adzamuuza: wotchi, mphete, khadi, zinaperekedwa kwa mkazi wake.

Kuling'amba? Ndaliika pa sinki, machesi m'manja. Zochonga zawo zisanu ndi chimodzi, zonjenjemera, chomaliza chakuya mpaka pensulo inaboola pang'ono. Ndi chinthu chomaliza chimene dzanja lawo linalemba. Ndalephera.

Ndasowa mtengo wogwira. Ndikamuuza, ndine mayi amene anapha bambo ake ndi makani. Ananena kawiri konse chaka chino kuti ndakalamba, ntchitoyi yandikulira, ine n'kumamuyankha kuti amene amabwera pa Khirisimasi yokha asandiphunzitse. Ndipo nyumba ino ili m'dzina lake, a Orrin analemba choncho kalekale ndi chilolezo changa. Zaka 76, mwana wanga ndilibe, mchemwali anapita. Koma si nyumba ayi. Ndikunama, ndi nyumbanso.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndachita.

Dzulo m'mawa, Paulette ali m'bafa, madzi akuthira. Ndinachotsa khadi palamba, kulilowetsa pamakina, kulikweza pang'onopang'ono mpaka pansi pa 6. Ndinayala thaulo pansi pa makina kuti asamveke.

7. Kubwerera kunyumba. Kuuza Houston.

Mzere wapendekera pang'ono kumanja, ngati tsitsi limodzi. Pepala likatuluka pamakina silibwerera pamalo pake penipeni, aliyense amene anatayipapo amadziwa. Abwana anga akale akanaona ali pakhomo. Koma anthu amenewo anatha, ndatsala ine.

Paulette ndinamupatsa pakhofi, ndati ndalipeza m'thumba la chikwama. Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Atafika pomaliza anakweza mutu.

"Ndiye kuti munalemba, a Lorene. Zonse munalemba. Ndi bambo amene sanathe."

Anati wakhala akudzifunsa usiku ndi usana ngati panali cholakwika, ndipo, ndimukhululukire, anandiganizirapo zoipa. Anapepesa za mawu ake onse a pafoni. Anati matenda anali atafika poti ngakhale khadi silikanawathandizanso, palibe amene akanadziwa tsiku lake. Kenako za nyumba: ndikhalemo mpaka tsiku limene ndidzafune kuchoka ndekha, pepala alemba kwa loya sabata ino. Anandigwira dzanja. Zala zake ndi za bambo ake, zazifupi, zikhadabo zophwatalala.

Ndimayembekezera kuti mtima ukhala pansi. Ndadya mbale yathunthu ya makaloni aja ndili chiimire, kenako ndakhala m'galimoto m'garaja theka la ola osaliza injini.

Kwa Ofelia sanapite, akuti pambuyo pa maliro. Masiku atatu.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Bambo wa ku myuziyamu. Wamng'ono, tayi ya timaroketi, magolovesi oyera a nsalu kugwirira makhadi anga, amene ena ali ndi madontho a phala. Wawerenga onse: 4,212. Akuti adzawaika m'bokosi lagalasi pafupi ndi golovesi limene a Orrin anavala pamwezi, ana asukulu aziona. Lomaliza pakati, palokha, ndi nyale yake.

Analiyang'ana nthawi yaitali pansi pa galasi lokuzira zinthu. Ndimati waona kupendekera kuja. Ayi ndithu, amapukuta misozi. Akuti mawu olemba pansi pake ali nawo kale m'mutu: munthu amene sanadumphepo mzere moyo wake wonse, anasiya umodzi wokha, womaliza.

Anasiya. Iwo. A Orrin Tackett, amene ankabwerera kuchokera pageti kukachonga "chitseko, kutseka" akaiwala kuchonga, ngakhale chitseko chili chotseka kale. Amene dzina la mwana wawo linawathawa, langa linawathawa, mwezi weniweniwo ankauloza masana n'kundifunsa kuti kodi chija n'chiyani, koma mzere sanausiyepo. Chinthu chimodzi chokha chimene matenda analephera kuwalanda, ndawalanda ine ndi zala ziwiri, pa thaulo.

Anachita zonse bwino. Anaima pamene anayenera kuima, maola atatu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anakana mawu achilendo monga anaphunzitsidwira. Pa tsiku limenelo wolephera sanali iwo.

Paulette akuti adzaliwerenga m'tchalitchi Lachisanu m'malo mwa mawu ake. Wayeserera pabalaza, ine ndili kukhitchini. Mizere isanu ndi umodzi, kenako kupuma, kenako wachisanu ndi chiwiri, ndiye n'kunena kuti umenewu bambo sanathe kuchonga, wawachongera Mulungu. N'zokoma. Tchalitchi chonse chidzalira, atolankhani adzalemba, ndipo zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Ndapsereza mpunga. Telala akuti zipi ya diresi mawa masana.

Ambuye, sindikudziwa kupempha kwake. Ndikanena, nditaya mwana amene ndangomupeza dzana. Ndikapanda kunena, ndiwaika m'manda ndi bodza langa pamkono.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ndamuuza. M'mawa, akusita bulauzi yake ya mawa.

Sindinakonze mawu. Ndinabweretsa rula ya m'kabati, kuigoneka pansi pa mzere wachisanu ndi chimodzi, kenako pansi pa wachisanu ndi chiwiri, kuti aone yekha kupendekera. Ndinati uwu ndatayipa Lolemba lapitali iwe uli m'bafa. Tsiku limene bambo ako anatuluka panalibe. Sanakhale mphindi makumi awiri, anakhala maola atatu, ankadikira ine, ine ndinali mtulo. Ofelia akudziwa, mlamu wake akudziwa.

Ayironi anaiimika bwinobwino, n'kuzimitsa pakhoma. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anandifunsa mafunso motsatana ngati wapolisi, mawu ali pansipansi. Chipewa anavala? Anavala. Madzi anatenga? Kapu imodzi ya pakhadi basi. Analankhula kanthu kuchipatala? Ayi. Ndinamuuzanso zimene anamuyankha Ofelia, chifukwa akanazimva ndithu. Pamenepo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenako funso limene ndimaliopa. Munthu amene sanaphonyepo zaka zonsezi, chinachitika n'chiyani tsiku limenelo? Ndinati foni inalira ndili pakati potayipa.

"Anaimba ndani?"

Ndinati anthu otsatsa malonda aja, a inshuwalansi ya galimoto. Linangotuluka lokha. Bodza lachitatu m'masiku khumi, koma ili sindikulapa. Katundu ameneyu ndi wanga, wosawerenga khadi ndine. Iye anangoimba foni kufunira bambo ake zabwino, ndipo ankanena zoona, ntchito inali itandikulira.

Anandiyang'ana, ine kuyang'ana bulauzi. Anatenga khadi n'kulowa kuchipinda cha bambo ake, chitseko anatseka mwakachetechete. Tsopano ndi 4 koloko, sanatuluke. Ndamuikira sangweji pakhomo, nyerere zayamba kale.

Kwa telala sindinapite. Ndimanga ndi pini.

Chodabwitsa, ndagona ola limodzi pampando masana ano, tulo teniteni, koyamba chichokereni Lolemba lija. Ndadzuka ndi manyazi.

Loweruka, 23 Ogasiti

Tawaika dzulo.

Anthu mpaka panja, magalimoto bwalo lonse la sukulu. Akuluakulu ochokera kutali analankhula za dziko, za kulimba mtima, wina anatchula dzina lawo molakwika kawiri. M'galimoto yopita kutchalitchi Paulette sanandilankhule, koma pokwera masitepe anandigwira chigongono, mwina chifukwa cha makamera.

Itafika nthawi yake anaima kutsogolo ndi khadi. Ine mutu pansi, kudikira kuti anene pamaso pa anthu onse, ndipo ndinali nditavomera kale mumtima. Anangoti bambo ake zaka zomaliza ankayendera mndandanda wa pamkono, umene mkazi wawo ankawatayipira m'mawa uliwonse, masiku oposa chikwi. Anawerenga. Nsapato. Chipewa. Anthu kuseka pang'ono, kuseka kwa misozi. Atafika pa nyuzipepala anasiya. Anangoima. Tchalitchi chonse zii, kudikira chotsatira, abusa akusuntha pampando, wina akutsokomola kumbuyo. Mwina mphindi yathunthu. Kenako anati, "Bambo anga anachonga mzere uliwonse umene anapatsidwa," n'kutsika.

Palibe anamva tanthauzo lake kupatula ine ndi Ofelia, amene anali kumbuyo ndi yunifolomu yake. Ndege zinadutsa tili kumanda, ana anatseka makutu. Mbendera yopinda asilikali anapatsa ine. Ndinafuna kumupatsa Paulette, anapukusa mutu.

Paulette wamuuza bambo wa ku myuziyamu kuti atenge makatoni onse, koma lomaliza silipita. Chifukwa sanamuuze.

Lero m'mawa ndamupeza kukhitchini, atavala kale, khofi wosamwa, foni patebulo. Ndege yake ndi ya mawa. Za nyumba sanatchule, inenso sindinafunse. Anatembenuza foni kuti ndione, mndandanda wa manambala amene anaimba. Lolemba, 11 Ogasiti, 9:38, mphindi 54. Dzina langa.

"A inshuwalansi sakhala pafoni mphindi 54, a Lorene. Musandinamizenso. Mwandinamiza mokwanira, ngakhale ili lachifundoli."

Ndinati wosawerenga khadi ndine. Anati akudziwa, ndipo sanandikhululukire, mwina sadzatero, asandilonjeze. Koma anamva makina akulira nditangoyankha foni, anamva ndikunena kuti dikira kaye ndimalize, ndipo iye anati ayi, mundimvere pompano. Ine zimenezo ndinali nditaiwala. Iye wakhala nazo kuyambira Lachinayi, yekha, m'chipinda chija.

Anafunsa kuti anaima mbali iti ya bokosi. Ndinati ya kumsewu, pamene pali miyala yoyera. Anati akukaona ngati nyuzipepala yabwera.

Watuluka 10 koloko isanakwane. Wapansi. Ndatsuka makapu, ndapinda zovala, ndakhala pansi kulemba izi kuti ndisamutsatire, munthu ali ndi ufulu wolira payekha. Tsopano yadutsa 11. Kachipangizo ka pakhonde kakuti 102. Chipewa chake chili pano pa mpando, botolo la madzi pa sinki. Zaka 62, ndipo mapiritsi a BP ndinawaona m'bafa.

Sandifuna, ndikudziwa. Akandithamangitsa andithamangitse ali m'galimoto. Ndikukamutenga. Makiyi ndaika pati